Kwa achimwene ogulitsa magalimoto aja, musanalipire za SEO

Achimwene mwati muli ndi malo ogulitsira magalimoto ku Lilongwe, mumaposita pa Facebook tsiku ndi tsiku koma mafoni sakulira, ndiye pali mnyamata akuti mumulipire akupangireni SEO muzituluka pamwamba pa Google. Ine ndinganene kuti ndalamazo zisungeni kaye, pali zaulere zomwe mukuzisiya.

Munthu wofuna galimoto salemba dzina la bizinesi yanu ayi, salidziwa n'komwe. Amalemba Toyota Sienta for sale Lilongwe kapena Vitz price in Malawi, ndipo SEO nkhani yake ndi yomweyo, mawu amene iye walembawo apezekenso kwa inu. Ndiye positi yongoti new stock inbox for price ndi zithunzi mulu za magalimoto osiyanasiyana, kaya ndi Google kaya search ya Facebook yomwe, siidziwa kuti muli chani mmenemo. Galimoto iliyonse ikhale ndi positi yakeyake, mtundu, chaka, cc, mileage, automatic kapena manual, duty ya MRA munalipira kale kapena ayi, yalembetsedwa kapena ikadali pa IT, nambala yongoyembekezera ija yomwe imabwera nayo kuchokera kunja.

Ndipo mtengo muulembe poyera. Ndikudziwa chomwe ambiri mumabisira, chigwere kwacha ndi 44% mu November 2023 mitengo siikhala malo amodzi, komanso mumaopa anzanu a pafupi akutsitsirani. Koma kasitomala yemweyo ali ndi mawebusayiti ogulitsa magalimoto a ku Japan ngati BE FORWARD ndi SBT Japan pafoni pake, mtengo ukuoneka mpaka pa doko la Dar es Salaam, inu mukamuuza kuti inbox amangoganiza kuti mukufuna muone kaye nkhope yake kenako mumukwezere. Ikani mtengo ndi deti lake basi. Chomwe inu mumaposa mawebusayiti a ku Japan ndi choti galimoto ili pompano, munthu abwera ndi makaniko wake aione, sasaka madola, sadikira sitima kapena kuvutika pa boda ya Songwe, zimenezo ndiye muzizinena mu positi.

Tsegulani Google Business Profile, ndi yaulere, ndi yomwe imakuikani pa Google Maps. Pini ikhale pageti penipeni, nambala ya foni ikhale yomweyo ya pa Facebook, maola otsegulira ndi zithunzi za pamalopo. Google posankha woti amuonetse pa mapu imaona kuti zomwe mumagulitsa zikugwirizana ndi zomwe munthu wasaka, muli pafupi bwanji, ndipo mumadziwika bwanji, apa ndiye pamalowera ma review. Aliyense mukamupatsa makiyi mupempheni alembepo mawu awiri atatu akadali wosangalala, akafika kunyumba waiwala. Ogula ma review abodza musawatsanzire, Google imawafufuta.

Mavidiyo afupiafupi amathandiza kuposa zithunzi za pa auction zomwe aliyense ali nazo, lizani injini mmawa isanatenthe, onetsani dashboard kuti palibe check engine, ngakhale pomwe panakandika onetsani. Anthu anaberedwapo madipoziti pa intaneti ndiye amakayikira chilichonse chooneka bwino kwambiri. Galimoto ikagulidwa lembani sold.

Za boost, kulipira Facebook kuti positi ifikire anthu ambiri, poti mumalipira pa khadi ndipo forex ndi yovuta, musamaboositire page yonse kufuna ma like. Sankhani galimoto imodzi, Lilongwe ndi madera oyandikira, batani lipite ku WhatsApp Business, koma pakhale munthu woyankha msanga, mukayankha mawa munthu wagula kale kwina.

Mnyamatayo ngati akulonjeza nambala 1 pa Google mu sabata imodzi akunama, Google yomwe imanena kuti palibe angalonjeze zimenezo, zimatenga miyezi. Mukafika pofuna webusayiti mufunseni akuonetseni ntchito yomwe anapangapo kale, galimoto iliyonse ikhale ndi tsamba lake lotseguka msanga pafoni osadya bandulo, ndipo domain (adiresi ya webusayitiyo) ndi ma password zikhale m'dzina lanu osati lake.