Atitsekera njira yakunyanja ku Siavonga, tichite bwanji?

Mu imelo mwanga mwafika uthenga wa bambo wina wa ku Chilenje kuno ku Lusaka. Akuti iye ndi anzake anasonkherana nagula tima kayak tiwiri ndi kabwato kamodzi kakang'ono ka thanga, ndipo akapeza mpata amanyamula ana kupita ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, kukawaphunzitsa kupalasa. Panali kanjira kamene ankatsikira mpaka kumadzi, komweko asodzi ankakocheza mabwato awo amayi nkumachapa. Manje apita apeza waya kuchokera kumsewu mpaka kulowa m'madzi, geti, ndi mlonda amene akuti malo anagulidwa, ofuna kulowa alipire. Funso lawo ndi lakuti kodi munthu angagule nyanja? Nanga achite chiyani, popeza mnzawo wina akuti angodula wayayo usiku.

Akulu, poyamba muuzeni mnzanuyo asiye pulayazi kunyumba. Akadula waya nkhani isanduka ya polisi, ndipo amene anatseka njira ndi amene aoneke wolakwiridwa. Mlonda nayenso musakangane naye, iye anangolembedwa ntchito, sanaike bikoni ndi iye.

Nyanja sigulidwa. Lamulo la madzi la 2011, Water Resources Management Act, limene linakhazikitsa WARMA, bungwe loyang'anira madzi, limanena kuti madzi onse a m'mitsinje ndi m'nyanja ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse a mu Zambia, palibe munthu anganene kuti madzi awa ndi anga. Ndiye mukakhala pamadzi ndi nkhafi yanu, mwini loji sangakuthamangitseni ati mwalowa pake. Koma vuto lili apa, kuti mufike pamadzipo mumaponda nthaka, ndipo nthaka ili ndi lamulo lake lina, Lands Act ya 1995. Pansi pa lamulo limenelo munthu atha kupatsidwa taito ya zaka 99, ndipo taito ikatuluka popanda njira yosiyidwa pa mapu, kunena kuti madzi ndi a tonse sikukutsegulirani geti. Anthu ambiri amathera mphamvu kukangana za madzi pomwe chimene chatayika ndi kanjira ka mamita ochepa chabe.

Nde funso lenileni ndi lakuti wayayo waima pamene pepala likunena kapena wapitirira? Izi sizofunika kulota, zimafufuzika. Pezani nambala ya puloti, nthawi zina imalembedwa pachikwangwani kapena a khonsolo ya Siavonga atha kukuuzani, mupite ku Ministry of Lands ku Mulungushi House mukapange search, mulipira kandalama pang'ono. Muone ngati taito ilipodi, ndi ya ndani, ndipo mupemphe kuona dayagiramu ya saveya imene imaonetsa pamene mabikoni ali. Ena amamanga waya ali ndi kalata ya mfumu chabe taito isanatuluke, ena taito ali nayo koma waya anaukankha kumeza msewu umene pa pulani ya khonsolo unasiyidwa kuti ndi wa anthu onse. Zikakhala choncho khonsolo ili ndi mphamvu yowauza kuti achotse, ndipo inu simufunika olo loya, kalata yabwino ndi kopi ya mapu basi.

Pa Kariba pali chinanso chimene anthu a kuno ku tauni sitimachiganizira. Madzi a nyanja ija samakhala pamodzi. Zambezi River Authority imayendetsa damu pakati pa mamita 475.5 pamene madzi atsikitsitsa ndi 488.5 pamene yadzaza, kusiyana kwake mamita 13 choimirira, ndiye pamalo pamene gombe ndi lathyathyathya madzi amathawa mtunda wautali zedi. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chija magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, nyanja inabwerera kutali nkusiya mchenga ndi matope pamene kale panali madzi. Nthawi ngati imeneyo ndi imene ena amawonjezera mapolo kutsata madzi kumene athawira. Taito ili ndi malire ake olembedwa, sikula chifukwa mvula yavuta. Mukaona waya walowa mpaka m'madzi monga mwanenera, chimenecho chikhale choyamba kufunsa, ndipo mufunse polemba, ku khonsolo ndi ku WARMA komwe.

Ngati malowo anali a mfumu asanasinthidwe kukhala a taito, pali mfundo ina yamphamvu. Lands Act yomweyo imati malo a chikhalidwe asaperekedwe popanda kufunsa mfumu ndi khonsolo, komanso popanda kufunsa munthu wina aliyense amene angakhudzidwe. Asodzi amene akhala akukocheza pa dooko limenelo ndi okhudzidwa. Amayi otunga madzi ndi ochapa ndi okhudzidwa, a ng'ombe zomwera pamenepo chimodzimodzi. Kodi anafunsidwa? Pali maminitsi a msonkhano? Milandu ya mtundu uwu imatha kupita ku Lands Tribunal, khoti la milandu ya malo, ndipo amene alibe ndalama ya loya pali Legal Aid Board.

Apa mundimvetse bwino akulu, chifukwa ndi pamene mtima wanga uli. Mukapita ku khonsolo ngati anthu a ku Lusaka amene asowa posewerera pa wikendi, adzakumverani mwaulemu nkuika kalata yanu mu fayilo. Inu mwataya malo osangalalira, ndipo sindikupeputsa, ana kuphunzira madzi ndi chinthu chachikulu. Koma msodzi wa bwato la nkhafi wataya pogwirira ntchito. Iye alibe injini yoti azungulire makilomita angapo kukafuna dooko lina, ndipo pamene angakocheze mwina ndi pa bango pomwe pali ng'ona ndi mvuu. Mayi amene ankatsika mphindi zochepa ndi ndowa tsopano akuzungulira mpanda wonse. Anthu amenewa ndi amene ali ndi mbiri ya malowo, amadziwa kuti njirayo inayamba liti, ndani ankadutsapo, nduna iti inalipo. Komanso tisaiwale kuti nyanja imeneyi inabwera ndi misozi, damu litatha mu 1959 madzi anamiza midzi ndi minda ya Atonga, anthu pafupifupi 57,000 mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa. Zidzukulu zawo kuwatsekeranso njira yopita kumadzi omwewo amene anawalanda kwawo, ine zimandiwawa kwambiri. Ndiye pitani mukakhale nawo pansi, mukaonane ndi anduna, ndi komiti ya asodzi, ndi khansala wa wadi. Inu muli ndi galimoto, intaneti, ndipo Mulungushi House ili pafupi ndi kwanu. Iwo ali ndi umboni komanso mavoti a m'deralo. Kalata ikhale yawo, inu muthandize kulemba ndi kuyendetsa, dzina lanu lisakhale pamwamba.

Wina adzakuuzani kuti zopalasa ndi masewera a azungu. Muuzeni akaone Kuomboka, mwambo wa Alozi, amuna ambirimbiri akupalasa Nalikwanda, bwato la mfumu yawo, kuchoka ku Lealui kupita ku Limulunga, kapena apite ku Samfya aone ana a pa Bangweulu mmene amayendetsera bwato asanayambe ndi sukulu yomwe. Kayak ndi pulasitiki chabe, kupalasa ndi kwathu kuyambira kale.

Nanga mupemphe chiyani? Ine ndinganene kuti musapemphe kuti loji igwetsedwe, zimenezo sizichitika ndipo malojiwo alemba ntchito anthu a komweko amene sangakuthandizeni mukafuna kuwachotsera nsima pakamwa. Pemphani njira. Yotakata moti ngolo kapena kagalimoto kokoka bwato kadutse, yofika mpaka pamadzi olo nyanja itsike bwanji, yopimidwa ndi saveya, yoikidwa mabikoni, yolembedwa pa pulani ya khonsolo. Ndikubwereza, yolembedwa. Mwini malo wabwino mtima atha kunena kuti dutsani palibe vuto, koma mawa akagulitsa kapena akamwalira wobwerayo sadziwa za lonjezo la pakamwa. Bwato la nkhafi ndi la thanga silifuna zambiri, silifuna jeti ya simenti ngati maboti a injini, pamchenga potsetsereka bwino ndi poimika galimoto basi zakwana. Koma limafuna malo otere angapo m'mbali mwa nyanja, osati amodzi. Mphepo ya pa Kariba imadzuka mwadzidzidzi, mafunde nkukula ngati simuli pa damu, ndipo munthu amene ali ndi ana m'kabwato ka thanga amakocheza pamene mphepo yamufikitsa. Gombe lonse likakhala waya ndi zipupa, tsiku lina tidzamva zoipa. Mfundo iyi muilembe m'kalatamo, chifukwa olo amene sasamala za masewera amamva nkhani ya moyo wa munthu.

Ndipo musadikire waya wina. Urban and Regional Planning Act ya 2015 imafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani ya chitukuko cha dera lake, IDP, ndipo anthu apatsidwe mpata wonenapo. Mmenemo ndi mmene madooko ndi njira zakumadzi ziyenera kulowa malo asanagawidwe. Ntchito zikuluzikulu za m'mbali mwa madzi zimadutsanso ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, malipoti ake amaikidwa poyera kuti anthu apereke ndemanga, koma ambiri timangowadutsa mu nyuzipepala osawerenga. Ku Siavonga kulinso makheji oweteramo nsomba ndi maboti a kapenta, onsewo amafuna gombe, ndiye mpikisano wa malo ukungokulira. Ofesi ikakana kukuonetsani mapepala, kumbukirani kuti kuyambira Disembala 2023 tili ndi Access to Information Act, itchuleni m'kalata yanu. Ndalama yokonzera dooko nayo siyosowa kwenikweni, CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'makonsitichuwense, inakwera kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense mu 2022 ndipo mapulojekiti amayambira ku Ward Development Committee, nde kanjira ka giravulo, chimbudzi ndi chikwangwani ndi zinthu zoti wadi itha kupempha.

Maiko ena anachita kulemba m'lamulo. Ku Scotland lamulo la 2003 limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda pamtunda ndi pamadzi ndi bwato lopanda injini bola achite mosamala. Ife kuno tiyenera kumenyera njira imodziimodzi, ndipo ndikanakonda aphungu athu akanaitenga nkhaniyi, chifukwa si Siavonga yokha. Pitani ku Kafue, makilomita osakwana 50 kuchoka mu tauni, muyese kupeza poti mutsitse bwato popanda kupempha munthu, muona mmene mapuloti atsatirana m'mbali mwa mtsinje. Ku Chiawa ndi ku Itezhi-Tezhi nkhani ndi yomweyo, abale athu a ku Mangochi ndi ku Salima akhala akuidandaula kwa zaka. Kuno ku Lusaka tinaona ndi nkhalango yotetezedwa ya Forest 27, kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, mmene malo a tonse amathera mwakachetechete pa pepala anthu nkudzadzidzimuka nyumba zitamera kale.

Mbali yanu nanunso muikonze. Amene amatseka njira nthawi zambiri amati anthu amasiya mabotolo, amapanga phokoso, amaba. Zina ndi zodzikhululukira koma zina ndi zoona, tisaname. Gulu lanu lizitola zinyalala zake ndi za ena zomwe, ana onse avale laifi jaketi, musadutse pa maukonde a asodzi, ndipo mufunse ku Department of Maritime and Inland Waterways ngati kabwato ka thangako kakufunika kulembetsa, kuti wina asapeze pokugwirirani. Jambulani zithunzi za waya, za njira yakale, sungani ndi zakale zimene munajambula ana akutsikira pamenepo, zithunzi zakale za pa Google Earth zimaonetsanso njira mmene inalili zaka zapitazo. Musathamangire kuika dzina la mwini malo pa Facebook musanaone mapepala, mutha kupezeka mukuyankha mlandu wonyoza munthu nkhani ya njira itaiwalika.

Mukapanga search ija munditumizire zimene mwapeza, nambala ya puloti ndi dayagiramu, tione limodzi ngati kalata yoyamba ipite ku khonsolo kapena kwa amfumu. Ndipo ulendo wotsatira nyamukani Lachisanu m'mawa kuti mukapeze maofesi a khonsolo ali otsegula, Loweruka mukakhale ndi asodzi.