Za kamera ya rivesi ya pikapu yanu ija, achimwene

Achimwene, mwafunsa ziwiri: chifukwa chimene kamera ya rivesi ya Hilux yanu ikuonetsera mwachimbuuzi, komanso ngati muike matayala akuluakulu. Za matayalazo ayankhe ena. Ine ndikamba za kamera, chifukwa inandidyera ndalama chaka chatha.

Musathamangire kunena kuti yafa. Makamera ambiri obwera ndi galimoto kuchokera ku fakitale ndi a analog, njira yakale yotumizira chithunzi pa waya, ndipo chithunzi chake chimangofanana ndi cha DVD zakale zija, mizere pafupifupi 480. Maso athu anazolowera foni, ndiye ukayang'ana pa sikirini ya galimoto umangoti pali vuto, chonsecho inabadwa choncho. Kagalasi kake n'kotambasula kuti muone mbali zonse, n'chifukwa chake mzati woongoka umaoneka wopindika, ndipo chinthu chapafupi chimaoneka ngati chili patali. Ranger ya mlamu wanga ndi chimodzimodzi, usiku chithunzi chimangodzaza timadontho ngati mwathira mchenga.

Ndiye pali fumbi. Pa pikapu kamera imakhala pa chitseko cha kumbuyo, pomwe fumbi lonse limakathera. Yendani ulendo umodzi wokha m'misewu ya kumidzi ya ku Chamama mwezi wa September, pofika pa boma kagalasi kaja kali katafiira. Chimene tonse timalakwitsa ndi kupukuta ndi chala kapena ndi shati kali kouma. Fumbi lathu lili ndi mchenga, limakanda, ndipo kakakandika dzuwa likawomba kumbuyo mumangoona mbuu. Thirani madzi kaye, kenako nsalu yofewa. Anyamata otsuka galimoto muziwauza asalozetsepo paipi ya madzi amphamvu ija. Madzi akalowa mkati, m'mawa uliwonse sikirini imakhala ngati chifunga cha June.

Tsopano zimene zinandigwera ine. Nditatopa nacho chithunzicho ndinakagula kamera ku Lilongwe, pa bokosi atalemba AHD 1080p, kutanthauza mtundu wa kamera yoonetsa chithunzi chooneka bwino kwambiri, cha m'ma K45,000. Wamagetsi wina konkuno ku Kasungu, dzina ndisunga, anati bwana iyi ndi ntchito ya theka la ola. Anadula mawaya a fakitale n'kulumikiza ndi tepi. Kuika rivesi, sikirini bii, kenako timizere tongothamanga. Pambuyo pake ndi pomwe ndinadziwa kuti kamera ya AHD siimvana ndi sikirini ya fakitale yomwe imangolandira chithunzi cha analog wamba. Ndinati chabwino, bwezerani yakale ija. Anaibwezeradi, koma magetsi anawatenga pa getsi la rivesi, 12 volts. Makamera ambiri a Toyota amadya 6 volts basi, ndipo magetsiwo amachokera ku wailesi. Inapsa pomwepo. Ndinachokapo dzuwa litalowa ndili ndi makamera awiri, ina yakufa ina yopanda ntchito, munthuyo akufunabe ya ntchito yake.

Mapeto ake ndinaika wailesi ya Android yokhala ndi sikirini yake yolandira AHD. Zonse pamodzi ndi woika zinafika pafupifupi K300,000, koma mitengo imeneyo musaidalire, mukudziwa mmene kwacha ikuyendera. Chithunzi chinasinthadi, masana ndimatha kuwerenga nambala ya galimoto ili kumbuyo. Koma mabatani a pa chiwongolero anasiya kugwira mpaka nditagula kachipangizo kena, ndipo wailesiyo imatenga kanthawi kuti idzuke mukangoliza galimoto.

Kunena zoona, ndikanakhala inu ndikanayamba ndi zotchipa. Tsukani kagalasi bwinobwino. Onani mawaya pomwe chitseko chimapindikira, chifukwa kutsegula ndi kutseka tsiku ndi tsiku kumawathyola mkati, makamaka ngati chithunzi chimabwera n'kumachoka. Ngati vuto ndi la usiku lokha, sinthani mababu a rivesi muike a LED, kamera siiona popanda kuwala. Mukaganiza zogula ina, funsani kaye ngati ikumvana ndi sikirini yanu, ndipo aiyese musanalipire. Aliyense amene wagwira pulayala kuti adule waya asanayeze magetsi, mulandeni makiyi.

Amene akuti ingogulani galimoto yatsopano, zikomo, mwina mutithandizako ndalama. Nawonso amene akuti dalaivala weniweni safuna kamera sanabwererepo m'mbuyo pa msika wa Santhe tsiku la msika, ana ndi akabaza akudutsa kuseri kwa bodi komwe magalasi a m'mbali safika.

China chomwe kamera ya mtengo uliwonse singakuthandizeni: mukanyamula matabwa kapena malata chitseko chili chotsegula, imangoyang'ana pansi, muona dothi lokha. Nthawi ya fodya, popita ndi mabelo ku Chinkhoma, chingwe kapena tenti ikalendewera imaitseka. Pamenepo ndimatsitsa mnyamata azindikodola ndi dzanja.

Tajambulani sikiriniyo galimoto ili mu rivesi, kamodzi masana kamodzi usiku, mutumize muno. Munenenso chaka cha galimotoyo, komanso ngati wailesi ili momwemo ndi yomwe inabwera nayo.