Mukafuna kuonetsa ana zimene mabomba anachita ku sitima zapansi za London, yambirani ku Balham

Bambo, mwafunsa ngati ndi bwino kulipira ulendo wokaona siteshoni yotsekedwa ya Aldwych kuti ana amvetse mmene mabomba a Germany anasokonezera sitima zapansi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, poti muli ndi Loweruka limodzi lokha. Ine ndikuti Aldwych muisiye kaye. Kumeneko sitima anaziimitsa dala mu September 1940 kuti anthu azibisalamo, ndipo m'ngalande yake ankasungiramo katundu wa British Museum. Mwana akachoka kumeneko amangoganiza kuti pansi panali mtendere wokhawokha, pamene sizinali choncho. Yambirani ku Balham.

Musanatuluke pakhomo, auzeni kuti njanji za London n'zamitundu iwiri. Za District ndi Metropolitan anazikumba pafupi ndi msewu n'kuzifundika pamwamba, choncho bomba linkazifikira mosavuta. Pa Sloane Square, pa 12 November 1940, denga la siteshoni linagwera sitima n'kupha anthu 37. Za Northern, Central, Piccadilly ndi Bakerloo zili m'ngalande zakuya zomangidwa ndi mphete zachitsulo. Anthu ankathamangira zimenezi. Poyamba boma linkaletsa, koma iwo ankagula tikiti yotsika mtengo, n'kutsikira pansi osakwera sitima. Usiku wa pa 27 September 1940 munagona anthu pafupifupi 177,000.

Ku Balham, pa njanji ya Northern, mutengeko nthawi. Imani nawo kaye kunja pa Balham High Road, aone msewu ndi mabasi akudutsa, kenako mutsike. Pulatifomu ili pansi mamita pafupifupi 13. Pa 14 October 1940, nthawi itangokwana 8 koloko usiku, bomba lolemera makilogalamu 1,400 linaboola msewuwo cha kumapeto kwa pulatifomu chakumpoto. Pakati pa msewu ndi ngalande pamadutsa mapaipi akuluakulu a madzi, a gasi ndi a suweji, ndipo bombalo linawang'amba. Madzi anakokolola mchenga ndi miyala n'kuthira mu ngalande yopita kumpoto, magetsi n'kuzima. Taganizirani anthu mazanamazana, ena atafunda kale mabulangeti, ali mumdima bii, matope akukwera, potulukira pali pochepa. Anafa anthu oposa 60. Pamwamba basi inagwera m'dzenjelo, ndipo chithunzi chake n'chosavuta kuchipeza pa intaneti. Muwaonetse ali chiimire pamsewu womwewo. Chikwangwani cha chikumbutso chili pogulira matikiti. Sitima sizinadutsenso pamenepo mpaka January 1941, chifukwa matopewo anafunika kuwachotsa pang'onopang'ono, mitembo ili momwemo.

Akuluakulu a njanji ankaopa madzi kuposa moto nkhondo isanayambe n'komwe. Njanji za Northern ndi Bakerloo zimadutsa pansi pa mtsinje wa Thames, ndipo bomba limodzi litaboola pamenepo, madzi akanasefukira m'ngalande zina zonse zolumikizana nazo. N'chifukwa chake mu 1939 anatseka zigawo zimenezi kwa miyezi ingapo, n'kuika zitseko zachitsulo zolemera matani pafupifupi 10 chimodzi mbali zonse za mtsinje, pa Waterloo ndi pa Charing Cross, imene lero ikutchedwa Embankment. Chenjezo loti kukubwera ndege zoponya mabomba likalira, ankayamba aonetsetsa kuti pakati palibe sitima, ndiyeno n'kutseka. Kusokonekera kwa tsiku ndi tsiku kunkachokera apa: sitima sizinkawoloka mpaka chenjezo litatha, ngakhale bomba lisanagwe pafupi. Ndipo mantha awo anali oona, chifukwa mu September 1940 bomba linaboola ngalande yakale ya Northern pansi pa mtsinjewo. Mwayi wake inali itasiya kugwira ntchito ndipo anali ataitseka kale.

Kuchoka ku Balham kwerani sitima yodzera ku Bank. Pa 11 January 1941 bomba linaphulikira pogulira matikiti pamenepo, mphamvu yake n'kutsika ndi masitepe mpaka kumapulatifomu, ndipo anthu 56 anafa. Dzenje lake linali lalikulu moti asilikali anayalapo mlatho wongoyembekezera kuti magalimoto azidutsa. Lero palibe zambiri zoona, ndiye musachedwepo. Sinthani mukwere Central yolowera kum'mawa, mutsike siteshoni yachiwiri, Bethnal Green.

Apa m'pamene panafa anthu ambiri kuposa pa siteshoni ina iliyonse, koma bomba silinagwepo. Siteshoniyi inali isanayambe kulandira sitima, inkangokhala pobisalira. Pa 3 March 1943 chenjezo linalira, anthu n'kuyamba kutsika monga mwa nthawi zonse. Kenako asilikali a Britain anaombera zida zatsopano zogwetsera ndege ku Victoria Park, phokoso lake lachilendo, ndipo khamu linakankhana. Khomo linali limodzi, masitepe 19 onyowa ndi mvula, babu limodzi losawala kwenikweni, pakati popanda chogwirira. Mayi wina wonyamula mwana anagwa cha kumunsi, ena n'kumugwera, akumbuyo osadziwa kanthu akukankhabe. Anafa 173, ndipo 62 mwa iwo anali ana. Awerengetseni masitepewo potuluka, chifukwa ndi omwewo. Zogwirira zapakati anaika ngoziyi itachitika. Chipilala cha chikumbutso chili m'paki pafupi ndi khomolo, mayina onse alembedwapo. Ngati wamng'ono wanu ndi wamantha, muyambe mwamukonzekeretsa, nkhaniyi imalasa mtima.

Ana ali pa pulatifomu, auzeninso mmene ogona ndi apaulendo ankagawanira malo m'masiteshoni amene sitima zinkayendamo. Pankajambulidwa mizere iwiri yoyera, wina mafiti 8 kuchokera m'mphepete, wina mafiti 4. Anthu ankaloledwa kulowa 4 koloko madzulo, n'kukhala kuseri kwa mzere wakutali mpaka hafu pasiti 7, kenako n'kusendera pa wachiwiri, sitima zikuyendabe. Mabedi osanjikiza oposa 20,000, zimbudzi zamankhwala ndi sitima zogawa chakudya zinabwera pambuyo pake.

Ngati ndalama ya Aldwych ija mukufunabe kuigwiritsa ntchito, ikani pa Clapham South, siteshoni yoyandikana ndi Balham. Pansi pake pali imodzi mwa ngalande zisanu ndi zitatu zimene boma linakumba zitachitika ngozi za 1940, iliyonse yogona anthu pafupifupi 8,000, ndipo anthu wamba anayamba kulowamo mu 1944. Ulendo wake amayendetsa a London Transport Museum. Matikiti muguliretu pa intaneti, ndipo muone malire a zaka za ana musanalipire. Masitepe ndi 180 kutsika, 180 kukwera, ndiye agogo kapena wodwala mawondo akudikireni pamwamba.