Ukulota za COP, koma ndondomeko ya dziko lako unaiwerenga?

Mtsikana wina wa ku Area 36 wandilembera motere: "Ndinamaliza digiri ya zachilengedwe ku Bunda zaka ziwiri zapitazo. Khumbo langa n'kugwira ntchito m'bungwe lomwe limakankha boma pa nkhani za kusintha kwa nyengo, ndidzafikenso ku misonkhano ya COP. Makalata ofunsira ntchito ndalemba osawerengeka, koma paliponse akufuna munthu woti anagwirapo zaka zitatu. Bambo akuti ndisamataye nthawi ndi timagulu ta m'dera topanda malipiro, ndidikire bungwe lalikulu la magalimoto ndi ma alawansi. Nditani?"

Makalata otere amabwera pafupipafupi, ndipo onse amathera pa COP, msonkhano wa pachaka womwe mayiko amakambirana za kusintha kwa nyengo. Mwana wanga, ndiyambe ndi chowawa: chaka chino kumeneko sukupitako, mwinanso zaka zingapo zikubwerazi. Amene amakambirana m'malo mwa dziko ndi akuluakulu a boma, anthu ngati a Evans Njewa omwe mu 2024 anayamba kutsogolera gulu la mayiko osaukitsitsa pa zokambiranazi atagwira ntchitoyi nthawi yaitali. Amabungwe ambiri amalowa ngati oonerera, kupatula ochepa omwe boma lawatenga m'gulu lake. Ndipo ochepawo amatengedwa chifukwa ali ndi chomwe akudziwa chimene boma likuchifuna.

Inu bambo, mwanayu mwamukhazika pakhomo zaka ziwiri kudikira galimoto ya bungwe. Mukumuwononga. Kodi simunaone zomwe zinachitika mu 2025 dziko la America litaimitsa thandizo la USAID? Anthu oyendera magalimoto omwewo anabwerera kunyumba, ndipo lero akulimbirana ntchito ndi mwana wanuyu atanyamula zaka khumi za luso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timagulu tomwe mukutinyozato ndi komwe zaka zitatu zofunidwazo zimachokera.

Koma nawenso mtsikana iwe uli ndi mlandu wako. M'kalata yako yonse sunatchule ndondomeko ngakhale imodzi yomwe ukufuna isinthe. Dziko lino lili ndi ndondomeko ya za kusintha kwa nyengo ya 2016. Lili ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Mu 2021 linapereka malonjezo ake atsopano pansi pa mgwirizano wa ku Paris, womwe mayiko anagwirizana zothana ndi kusintha kwa nyengo. Zonsezi zili pa intaneti, zaulere. Unaziwerenga? Udzakankha bwanji boma pa chinthu chomwe sunachitsegule?

Taona mmene ntchitoyi imayendera. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani n'kuthamangira kukhoti, chiletso n'kuima. Mayi Gloria Majiga-Kamoto a bungwe loona za chilengedwe la CEPA sanayambire m'ndege. Anayambira kwa alimi, ataona mbuzi zikufa chifukwa chodya mapulasitiki. Anasonkhanitsa anzawo, atolankhani ndi mabungwe ena, mpaka mu 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti chiletso chigwire ntchito. Mphoto ya Goldman, yopatsidwa kwa omenyera chilengedwe padziko lonse, inawapeza mu 2021, ntchito itaoneka kale.

Nayi nkhani yomwe ndikufuna uigwire. Namondwe wa Freddy atapha anthu oposa 1,000 mu Malichi 2023, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi, kulowa m'malo mwa lakale la 1991. Mabungwe anali atalilirira kwa zaka. Koma lamulo likadutsa, ambiri amaomba m'manja n'kubalalika, pomwe ntchito yeniyeni yangoyamba kumene. Kodi makomiti a m'madera alipo, ndipo amakumana? Ndalama zafika ku khonsolo? Anthu okhala m'mbali mwa Lingadzi ku Mtandire, komwe madzi anasefukirapo kale, akudziwa kothawira? Mafunso awa safuna pasipoti. Amafuna munthu wa kope ndi cholembera, woyenda wapansi, woleza mtima pokhala pa benchi ya ofesi mpaka ampatse chikalata.

Choncho pita kwa khansala ndi mafumu a m'dera lako, upemphe kulowa m'komiti ya chitukuko kapena ya ngozi. Sankha vuto limodzi lokha, kaya ngalande zotsekeka ndi zinyalala, kaya makala ochokera ku Dzalanyama komwe kumachokera madzi omwe Lilongwe amamwa. Werenga nyumba zomwe zili pachiopsezo, jambula, lemba masiku, funsa amayi ogulitsa makala chomwe chingawasiyitse. Kenako tsegula bajeti ya khonsolo ndi ya boma uone zomwe anaika pa vutolo. Luso lowerenga bajeti ndi losowa kwambiri pakati pa achinyamata olankhula za nyengo. Ambiri amadziwa kubzala mitengo pa tsiku la mwambo basi. Onjezapo Excel ndi mapu a pakompyuta a GIS, zomwe unazikhudzako kale kusukulu.

Zonsezo uzifupikitse m'masamba awiri: vuto, umboni, chomwe lamulo likunena, ndi chomwe ukupempha kwa ndani. Masamba amenewo ndi omwe ukapite nawo ku CISONECC, mgwirizano wa mabungwe a za nyengo womwe uli mu Lilongwe momwemuno, kapena ku bungwe lililonse lomwe ndi membala wake. Ukapemphe kuthandiza nawo ngakhale mongodzipereka. Uyesetsenso kufotokoza nkhani yako m'Chichewa chomveka kwa agogo. Amene amangoidziwa m'Chingerezi amasowa chonena akaima pamaso pa mfumu.

Za m'thumba sindikubisira. Miyezi yoyamba idzakhala youma, ndiye kaganyu kophunzitsa ana kapena kabizinesi usakanyoze, ndipo ntchito za boma ku nthambi ya zachilengedwe kapena m'makhonsolo zikalengezedwa uzilembera. Bambo, ya minibasi yokha muzimupatsa.

Digiri uli nayo yoyenera, ndipo sunagwe mphwayi patatha zaka ziwiri, zomwe anzako ambiri zimawakanika. Ndikukupatsa miyezi itatu. Masamba awiriwo ukalemba unditumizire, ndidzawawerenga ndi cholembera chofiira m'manja.