Chainsaw yanga ikuchedwa kucheka, ndiboole ekizozi?

Funso: Amisiri, ndili ndi Husqvarna 272XP, ndimachekera matabwa a bulugamu kuno ku Dedza. Masiku ano ikuchedwa kwambiri moti ndimachita kukankha ndi mphamvu kuti ilowe mumtengo. Anzanga akuti ndiboole ekizozi kenako ndipotokole kabuleta kuti izilira mokweza, akuti ikatero imathamanga. Koma ndikuopa kupha injini. Ndipange bwanji kuti izidya mtengo msanga koma isafe?

Yankho: Achimwene, ekizoziyo isiyeni kaye. Mawu anu akuti mukuchita kukankha andiuza kale kuti vuto lili pa tcheni, chifukwa tcheni yonoledwa bwino imadzikoka yokha mumtengo, inu ntchito yanu nkungogwira makina basi.

Tengani chipika muchidule chopingasa, osati mocheka thabwa ayi, ndiye muyang'ane utuchi womwe ukugwa pansi. Ukakhala tizidutswa tokhuthala ngati mphale ndiye kuti zili bwino, koma ukakhala ngati ufa wamgaiwa dziwani kuti tcheni ikungokhula mtengowo. Ndikudziwa muyankha kuti mumanola tsiku lililonse, aliyense amatero, koma ambiri amanola mano okha nkuiwala kachitsulo kamene kali kutsogolo kwa dzino lililonse, kaja amati depth gauge kapena raker. Kameneko ndi komwe kamalamula kuti dzino lilume mozama bwanji. Dzino la tcheni msana wake ndi wotsetsereka chakumbuyo, ndiye mukamalinola likufupika komanso likutsika, pamene kachitsulo kaja kali pomwepo, mapeto ake kakufanana msinkhu ndi dzino ndipo dzino ngakhale likhale lakuthwa ngati lumo silingafike pamtengo. Ine makina akabwera sindiliza nkomwe ndisanaone pamenepa. Kachitsuloko kakuyenera kukhala pansi pa dzino ndi 0.65 mm. Gulani kageji koyezera, ndi kotchipa kuposa pisitoni, mukaike pamwamba pa mano nkupala zomwe zatulukira ndi tupa yafulati, kenako mukonze kutsogolo kwake kakhale koburungira ngati mmene kanalili. Muzichita zimenezi mukanola katatu kapena kanayi. Koma chonde osapala mongoganizira, ndaonapo anthu atatsitsiratu ndi gilayinda poti akufuna sipidi, tcheni imayamba kulumphalumpha, kugwira mumtengo, makina kunjenjemera mpaka kilatchi ndi ma bearing kutha msanga, ndipo choopsa kwambiri bar, chitsulo chachitali chomwe tcheni imazungulirapo, imatha kukubwererani kumaso. Bulugamu wouma ndi wolimba, musapitirire muyezo umenewo.

Tupa yozungulira ya tcheni ya 3/8 ikhale ya 5.5 mm, mano onse akhale ofanana kutalika apo ayi makina azikhotera mbali imodzi. Podula chopingasa timanola pa madigiri 30, pocheka matabwa ambiri amatsitsa kufika 10, thabwa limatuluka losalala ndipo mano amachedwa kubuntha.

Tcheni zopanda dzina zija mumagula poti nzotchipa zimandikwiyitsa, chitsulo chake nchofewa, mwanola m'mawa pofika 10 koloko yabuntha, kutanuka ndiye osanena, tsiku lonse mumangokhalira kumanga. Chimodzimodzi oilo wakuda wotsitsa m'galimoto yemwe mumathira ku bar, samamatira pa tcheni ndipo ali ndi tizitsulo tomwe timadya pampu ndi bar yomwe. Onaninso sprocket, giya yomwe imazunguza tcheni, ngati yakumbika, bar muziitembenuza, air filter muzitsuka, zimenezo sindichulukitsa mukuzidziwa.

Za ekizozi anzanuwo sakunama kwenikweni, mukakulitsa kabowo kotulukira utsi injini imapuma bwino nkuonjezera mphamvu pang'ono. Pomwe akukusokeretsani ndi pa kabuleta. Mpweya ukachuluka pamafunikanso mafuta ambiri, ndiye sikuluu ya pa kabuleta yolembedwa H, yomwe imalamula mafuta injini ikakhala pa moto wonse, imafunika kumasula pang'ono, osati kumanga. Iwo amamanga kuti makina azilira mokuwa, koma kulira kumeneko ndi njala, ndipo pa injini ya two stroke oilo amalowera limodzi ndi petulo, mukachepetsa petulo mwachepetsanso oilo, pisitoni imatentha nkukanda silinda, basi yagwira. Pocheka matabwa injini imakhala pa moto wonse nthawi yaitali osapuma ndiye ndi pomwe zimafera zambiri. Yotchunidwa bwino mukaipatsa moto isanakhudze mtengo imalira mogwedera pang'ono ngati ikutsamwa, ikalowa mumtengo kulira kumayera. Ngati pali mmisiri wokhala ndi tachometer, chipangizo choyezera kuzungulira kwa injini, akuyezereni, izizungulira cha m'ma 13,000 pa mphindi osakwera kuposa apo. Ngati mukuboola, yambani mwachotsa ekizoziyo pa makina, mukatha muitsuke bwinobwino, kanyenyeswa kamodzi kachitsulo kakalowa mu silinda mwaluza. Ine pa makina amene akudyetsa banja ndimalangiza kungochotsa mwaye wa mu ekizozi nkuisiya momwemo.

Mafuta sakanizani ndi oilo weniweni wa two stroke, 100 ml pa malita 5, pa ntchito ya matabwa ine ndimathira 125 ml. Muziyeza, osangothira ndi maso. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol, amakoka madzi ndi kuumitsa timalabala ta mu kabuleta, musamausiye mu thanki masabata makina akungokhala.

Mukakonza tcheni koma nkuona kuti mphamvu palibebe, masulani ekizozi muyang'ane pisitoni kudzera pabowopo. Ikakhala ndi mizere yokandika ndiye kuti ikufuna pisitoni ndi ring, mundiuze zomwe mwaona musanagule chilichonse.