Malabala a mabuleki a Peugeot yakale: yambani mwaona limu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa ku Zomba. Malume awo anawasiyira njinga ya mpikisano ya Peugeot, ya m'ma 1970, ija ya mahandulo okhotera pansi. Akuti njingayo ikadali yolimba, koma akagwira buleki imangolira n'kumapitirira, makamaka kukagwa mvula. Anagula malabala a mabuleki kumsika koma akukana kulowa. Pa buleki palembedwa kuti Mafac Racer. Ndiye akufunsa kuti agule malabala otani.

Achimwene, chonde njingayo musatsike nayo msewu wa Ku Chawe mpaka nkhani ya mabulekiyi itatheka. Mtsetse umene uja si woyeserapo.

Malabala amene alipowo mwina ndi omwe anabwera ndi njinga. Labala likakhalitsa limauma ngakhale lisanagwire ntchito. Lidinikizeni ndi chikhadabo. Labwino limalowa pang'ono n'kubwerera. Lotha limakhala gwa ngati fupa, pamwamba pake pakunyezimira. N'chifukwa chake sindilimbikitsa kugula malabala akale a Mafac amene ena amagulitsa pa intaneti ali m'pepala lake. Kampani ya Mafac, ya ku Clermont-Ferrand ku France, inatseka m'ma 1980, choncho labala lililonse lochokera kumeneko lakalamba kale, kaya linamangidwapo panjinga kaya ayi.

Musanatulutse ndalama, pezani maginito, ngakhale ya m'sipika ya wailesi yakufa, muyiike pambali pa limu, pamene labala limagwira. Ikamamatira, limu yanu ndi yachitsulo. Ikagwa, ndi ya aluminiyamu. Nkhani yonse yagona pamenepa, chifukwa chimene chimaimitsa njinga ndi kugwirana kwa labala ndi limu. Ma Peugeot ambiri otsika mtengo a nthawi imeneyo, monga UO-8, ankabwera ndi malimu achitsulo onyezimira. Kukakhala kouma amagwira bwinobwino. Akanyowa, madzi amakhala pakati pa labala ndi chitsulo chosalalacho, ndipo wilo imazungulira kangapo labala lisanayambe kuluma. Mmene mwafotokozera za mvula, ndikuganiza kuti malimu anu ndi amenewa.

Tsopano chifukwa chimene malabala a kumsika akanira. Malabala wamba amakhala ndi kabawuti ka mazinga komangira nati. Mafac Racer siigwira motero. Imafuna kamtengo kachitsulo kosalala, kopanda mazinga, kamene kamalowa m'bowo la bawuti ina n'kupanidwa. Apa muli ndi njira ziwiri.

Ine ndimakonda kusunga tizitsulo takale togwira labala, n'kusintha labala lokha. Kampani ya Kool-Stop ya ku Oregon ku America imapanga malabala olowa ndendende m'tizitsulo ta Mafac, akuda ndi ena ofiirira amene amawatcha salmon. Tengani ofiirirawo, ndiwo amagwira bwino pamadzi. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku UK amene akubwera kumudzi, mutumeni, ndi tinthu tolowa m'thumba la malaya. Labala lakale mumalikankhira kumbali yotseguka ya kachitsulo, latsopano n'kulilowetsa mutalinyowetsa ndi madzi a sopo pang'ono. Mafuta ayi.

Njira yapafupi ndi kupita kwa amakaniko a njinga n'kufunsa malabala a mabuleki a kantiliva, aja a njinga za mauntenibaiki zakale, okhala ndi kamtengo kosalala. Amenewo amalowa pa Mafac. Pitani ndi labala lanu lakale m'manja kuti mukayerekeze. Onetsetsani kutalika kwake, chifukwa ataliatali amagunda foloko buleki ikatseguka, ndiye wilo imavuta kuchotsa.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi mabuleki a Weinmann kapena Dia-Compe, monga a pa Raleigh zakale, anu ndi a nati aja, osavuta kupeza. Ngati malimu anu ndi achitsulo, kuli malabala okhala ndi kachikopa pakati, otchedwa Raincheater, opangidwa ndi Fibrax ya ku Wrexham ku Wales. Chikopa chimagwira chitsulo chonyowa kuposa labala. Pa aluminiyamu musaike amenewo.

Pomanga, pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani muchiwerenge kawiri. Kachitsulo kogwira labala kali ndi mbali imodzi yotseka, ina yotseguka. Mbali yotsekayo iyang'ane kutsogolo kwa njinga, pa wilo yakutsogolo ndi yakumbuyo yomwe. Limu ikamazungulira imakokera labala kutsogolo. Mukatembenuza, tsiku lina mudzagwira buleki mwamphamvu, labala n'kusolotoka, chitsulo chokhachokha n'kutsala. Ndinaonapo njinga yomangidwa chotero itabwera kudzakonzetsa, labala limodzi litatuluka kale theka, mwini wake osadziwa kanthu. Ndinachita mantha poganiza kumene ankayenda nayo.

Labala likhale pakati pa mbali ya limu, lisakhudze tayala ngakhale pang'ono, chifukwa limalidya mpaka kuphulika. Za kulira kuja, ma Mafac amadziwika nako. Kumachepa ngati nsonga yakutsogolo ya labala ndiyo iyamba kugunda limu, yakumbuyo itatsalira ndi milimita imodzi. Zikakana kupendekeka pomanga, palani pang'ono nsonga yakumbuyo ya labala ndi sandipepa. Musapinde mikono ya buleki ndi sipanala, ndi ya aluminiyamu yokalamba ndipo itha kuthyoka. Limu muipukute ndi sipiriti kuti mafuta achoke. Makebulo nawo, ngati ali ndi dzimbiri kapena akuuma pokoka, asintheni nthawi yomweyo, pamodzi ndi kakebulo kakafupi kolumikiza mikono iwiri ya buleki.

Koma ndisakunamizeni, achimwene. Ngati maginito yamamatira, labala labwino lithandiza ndithu, koma limu yachitsulo siidzagwira pamvula ngati ya aluminiyamu. Kwa munthu wokhala ku Zomba, kumene mvula ndi mitsetse zimayendera limodzi, ine ndikanasunga ndalama n'kusintha wilo yakutsogolo kaye, poti ndiyo imaimitsa njinga kwambiri. Pogula, werengani manambala a pa tayala lanu. Mukaona 630, wilo yanu ndi ya mainchi 27. Mukaona 622, ndi ya 700C, imene matayala ake savuta kupeza masiku ano. Kuchoka pa 630 kupita pa 622 kumafuna kutsitsa malabala ndi mamilimita 4, ndiye yang'anani ngati m'mipata ya mikono ya Mafac yanu mwatsala malo amenewo musanalipire.