Za ma stem cell ndi mchimwene wanu uja

Achemwali pepani ndi ngozi ya mchimwene wanu, mwafunsa ngati ma stem cell, maselo omwe amatha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi, angakonze ubongo wake poti dzanja ndi mwendo sizikumverabe. Ndiyankha motalikirapo chifukwa otsatsa malonda amanena zopitirira.

Ubongo ukavulala timitsempha ta magazi timang'ambika kapena kutsekeka, maselo apo nkufa chifukwa chosowa okisijeni. Koma m'mbali mwa bala muja mumakhala maselo ena omwe angokomoka, sanafe, ndiye thupi limatulutsa puloteni yotchedwa VEGF kuti timitsempha tatsopano tiphuke kuchokera ku takale ngati mphukira pa chitsa. Vuto lake masiku oyamba timitsempha tanthete timeneti timachucha, nchifukwa chake kutupa kumatha kuwonjezeka kaye.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti ma stem cell, aja amatenga m'mafuta a m'mafupa kapena mu mchombo wa khanda, akalowa amasanduka ubongo watsopano. Ayi ndithu. Ambiri akawabaya mumtsempha amakakodwa m'mapapo ndipo sakhalitsa, chomwe amachita makamaka nkutulutsa timankhwala tothandiza timitsempha kumera komanso kuchepetsa kutupa. Pa makoswe zimenezi zaoneka bwino zedi, koma pa anthu zikadali pa kafukufuku, ndipo mayeso ena akuluakulu a odwala sitiroko sanaonetse phindu lomwe ankayembekezera. Ku Japan mu 2024 anavomereza mankhwala a ma stem cell a kampani ya SanBio a anthu ovulala ubongo, koma chilolezo chake ncha kanthawi komanso chokhala ndi malamulo, ndipo maselowo amawaika mu ubongo momwemo pa opaleshoni, si za dilipi zija mukuona pa Facebook.

Chomwe chimandiwawa ine nchakuti pali bambo wina wa ku America yemwe atadwala sitiroko anayenda ku China, Argentina ndi Mexico kukabayitsa ma stem cell, mapeto ake anamera chotupa mu msana, nkhani yake inatuluka mu magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2016.

Chonde musagulitse katundu chifukwa cha kiliniki yolonjeza kuti achira. Funsani dokotala wake wa ubongo, ndipo fiziyo asadumphe olo tsiku limodzi, kufinya kampira kaja ndi kugwira supuni yekha ngakhale itaya, zimenezo zimathandizadi ubongo kupeza njira zina, makamaka miyezi yoyambirira ino.